Kodi kutsekemera kwa wisiki wa ku Orkney kumachokera ku sherry kapena ku thabwa?

Mlendo Pagalasi analemba:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa masabata atatu tsopano. Mlamu wanga anandipatsa botolo la Highland Park la zaka 12, wisiki wa single malt wotchezedwa ku Kirkwall, pa zilumba za Orkney kumpoto kwa Scotland, ndipo pondipatsapo ananditsina khutu kuti ndisayerekeze kuthiramo ayezi kapena chakumwa chotsekemera monga ndimachitira ndi wisiki wosakaniza amene ndinazolowera. Anati ameneyu wagona m'migolo ya sherry, choncho ndikamwa mofatsa ndidzamvamo mphesa zouma, makoko a lalanje, uchi ndi kautsi kochepa.

Tsiku loyamba ndinathira m'tambula yotambalala kukamwa, ndinalowetsamo mphuno yonse, n'kukoka mpweya mwamphamvu. Chimene ndinamva ndi kuwotcha kokhakokha, mpaka misozi inalengeza m'maso. Nditamwa pakhosi panatentha, kenaka utsi unatsatira, koma za mphesa zija sindinamve ngakhale pang'ono, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mlamu wanga amangobwereza zimene anawerenga pa katoni. Tsiku lachiwiri ndinathiranso, foni inalira, ndipo galasi linakhala patebulo kwa mphindi 20 popanda wolikhudza. Nditabwerera ndinapeza fungo litasinthiratu. Linali lofewa ndi lotsekemera, ngati keke ya zipatso zouma imene yangotuluka mu uvuni, ndipo utsi uja unali utabwerera kumbuyo, ukungomveka chapatali.

Apa ndi pamene ndikufuna thandizo lanu. Kutsekemera kumene ndinamvaku, kodi ndi vinyo wa sherry amene anatsalira m'mgolo n'kusakanikirana ndi wisikiyo, kapena ndi thabwa lenilenilo? Ndikufunsa chifukwa ndaona mabotolo ena olembedwa sherry ali akuda bii, pamene langali ndi la mtundu wa uchi wopepuka, ndipo sindikudziwa ngati kuderako kumatanthauza kuti muli sherry wambiri. Ndiponso mlamu wanga amalimbikira kunena kuti wisiki wa pachilumba amakhala ndi kamchere ka m'nyanja, koma ine mcherewo sindinaupeze. Kodi vuto ndi lilime langa, kapena ndi nkhani yongokometsera malonda? Ngati pali njira yabwino yolawira imene ingandithandize kusiyanitsa chimene chachokera ku mgolo ndi chimene chachokera ku utsi, ndidzathokoza kwambiri, pakuti botolo lafika kale pakati ndipo sindikufuna kulimaliza ndili mbuli.

Mbewe analemba:

Achimwene, funso lanu loyamba ndi limene anthu ambiri amene akhala akumwa wisiki kwa zaka zambiri samadzifunsa, ndipo yankho lake limadabwitsa. Sherry amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa migolo ya wisiki ndi wa mtundu wa oloroso, ndipo oloroso weniweni si wotsekemera. Ndi vinyo wa mphesa zoyera za Palomino wochokera m'chigawo cha Andalusia kumwera kwa Spain, makamaka m'matauni atatu a Jerez de la Frontera, Sanlúcar de Barrameda ndi El Puerto de Santa María. Amamuwonjezera mphamvu mpaka kufika pa 17 peresenti kapena kupitirira, n'kumusiya m'mgolo kuti azikumana ndi mpweya kwa zaka, ndipo mpweyawo ndi umene umamudetsa n'kumupatsa fungo la mtedza ndi zipatso zouma. Mukamwa oloroso payekha mudzapeza kuti mphuno ikulonjeza shuga koma lilime silikumupeza. Chimodzimodzinso wisiki wanu: gawo lalikulu la kutsekemera kumene munamva ndi la fungo, pakuti shuga weniweni m'botolomo ndi wochepa zedi. Sherry wotsekemeradi ndi Pedro Ximénez, amene pa mabotolo amangolembedwa PX, wopangidwa ndi mphesa zoyanika padzuwa, ndipo iyeyu amatha kukhala ndi magalamu 400 a shuga pa lita imodzi.

Chachiwiri chimene muyenera kudziwa ndi chakuti mawu akuti mgolo wa sherry lero satanthauza chimene ankatanthauza kale. M'mbuyomu sherry ankapita ku Britain ali m'migolo, n'kukaikidwa m'mabotolo m'mizinda ngati Bristol, London ndi Leith, ndipo migolo yopanda kanthuyo inkagulidwa motchipa ndi otcheza wisiki a ku Scotland. M'zaka za m'ma 1980 malamulo a ku Spain anasintha, sherry anayamba kuikidwa m'mabotolo komweko asanatumizidwe kunja, ndipo gwero la migolo ija linauma. Migolo yakale ya m'nyumba zosungiramo sherry, imene imakhala mu ndondomeko yotchedwa solera, eni ake saigulitsa wamba chifukwa imagwira ntchito kwa zaka makumi ambiri. Choncho makampani a wisiki anayamba kuitanitsa migolo yatsopano kwa amisiri a ku Spain, kuithira sherry kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kenaka kuikhuthula n'kuitumiza ku Scotland. Vinyo amene wakhuthulidwayo kawirikawiri safika pa tebulo la munthu; ambiri amapita kukapangidwa vinega kapena kukatchezedwa. Pa mabotolo ena mudzaona mawu akuti sherry seasoned, ndipo tanthauzo lake ndi limeneli.

Ndiye poti mgolowo ndi watsopano, thabwa lake limakhala lidakali ndi mphamvu zambiri, ndipo apa ndi pamene mtundu wa mtengo umalowerera. Mtengo wa oak wa ku Ulaya, Quercus robur, umene wambiri umadulidwa kumpoto kwa Spain m'madera ngati Galicia, uli ndi tannin wambiri, chinthu choumitsa m'kamwa chimene chimapezekanso mu tiyi. Ndi umene umabweretsa kudera, fungo la zokometsera ngati sinamoni, zipatso zouma, ndiponso kuuma kwina m'kamwa ngati mwamwa tiyi wowirira wopanda mkaka. Oak wa ku America, Quercus alba, umapereka vanila, kokonati pang'ono ndi fungo la malalanje, ndipo sudetsa wisiki kwambiri ngakhale utagonamo sherry yemweyo. Highland Park imagwiritsa ntchito mitengo yonse iwiri, ndipo m'botolo lanu muli wisiki wochokera m'migolo yambiri yosakanizidwa. Mawu akuti single malt amangotanthauza kuti yense anatchezedwa pa fakitale imodzi, kuchokera ku chimera cha balere chokha, m'miphika ya kopa. Satanthauza mgolo umodzi.

Maganizo anga, ndipo ena adzatsutsa, ndi akuti mu wisiki wamakono thabwa limalankhula mokweza kuposa vinyo. Vinyoyo amafewetsa ukali wa thabwa latsopano n'kusiyamo fungo lake, inde, pakuti mgolo wa malita 500 umene amautcha butt umamwa malita angapo a vinyo m'matabwa ake. Koma zaka 12 zonsezo wisiki amakhala akulowa ndi kutuluka m'thabwalo malinga ndi kutentha ndi kuzizira kwa nyengo, ndipo chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti imauluka.

Za mtundu, musakhulupirire maso. Malamulo a Scotch Whisky Regulations a 2009 amanena kuti wisiki agone m'migolo ya oak yosapitirira malita 700 kwa zaka zosachepera zitatu, ndipo aikidwe m'botolo ali ndi mphamvu yosachepera 40 peresenti, koma malamulo omwewo amalola kuthiramo shuga wowotcha wotchedwa E150a kuti mtundu ukhale wofanana. Choncho botolo lakuda likhoza kukhala lakuda chifukwa cha mgolo, kapena chifukwa cha mankhwala odetsera. Ndipo ngakhale pamene sanathiremo kanthu, mgolo wothiridwa wisiki koyamba umadetsa msanga kuposa wothiridwa kachiwiri kapena kachitatu. Lanulo mtundu wake ndi wachilengedwe, choncho uchi umene mukuuonawo ukukuuzani zoona: mulibe migolo yambiri ya oak wa ku Ulaya yothiridwa koyamba monga m'mabotolo akuda aja.

Nabanda analemba:

A Mbewe afotokoza bwino za migolo, ndipo sindibwereza. Ine ndikhudza za kalawidwe, chifukwa achimwene athuwa anapeza okha yankho tsiku limene foni inalira, kungoti sanalizindikire. Wisiki wa migolo ya sherry amafuna nthawi m'galasi. Mukangothira, ukali wa mowa umakwera poyamba n'kuphimba zonse, ndipo mphuno ikawotchedwa kamodzi imakhala dzanzi kwa mphindi zingapo. Tambula yotambalala kukamwa imabalalitsa fungo labwino n'kukusiyirani ukali wokha. Pezani galasi lokhala ndi mimba pansi ndi kukamwa kopanikiza, kaya la Glencairn limene linatuluka mu 2001, kaya copita imene anthu a ku Jerez amamweramo sherry yemweyo. Ngakhale kagalasi kakang'ono ka vinyo woyera kamagwira ntchito. Thirani mamililita 25, umene ndi muyeso wamba wa m'mabala a ku Britain, ndipo musakhudze kwa mphindi 10 kapena 15.

Dzulo usiku, nditawerenga funso lanu, ndinathira wa zaka 12 yemweyo kuti ndisalembe za m'mutu. Ndinanunkhiza galasi lili pansi pa chibwano, kukamwa kuli kotsegula pang'ono, kenaka n'kumalikweza pang'onopang'ono. Choyamba kubwera chinali uchi, koma uchi wa maluwa osati wa shuga, ndipo pambuyo pake khoko la lalanje limene lakhala padzuwa. Mphesa zouma zinalipo koma zobisala, moti ndikanapanda kuzifunafuna sindikanazipeza. Pamenepa mlamu wanu anakulonjezani zochuluka kuposa zimene botolo la zaka 12 limapereka. Utsi sunamveke m'mphuno kwenikweni mpaka nditamwa. Kumwa koyamba ndimakuwerengera kuti n'kotaya, chifukwa ntchito yake ndi kuzoloweretsa lilime. Kwachiwiri ndinasunga m'kamwa kwa masekondi ngati 10, ndipo ndinamva chimera chotsekemera kutsogolo, zokometsera zoyabwa pang'ono m'mbali mwa lilime, ndipo nditameza n'kutulutsa mpweya kudzera m'mphuno ndi pamene utsi unakwera, wouma, ngati udzu wonunkhira ukunyeka patali. Galasi litatha ndinalisiya mpaka m'mawa osatsuka, ndipo ndikukulimbikitsani kuchita chimodzimodzi, chifukwa mowa ukauluka chimatsala kwambiri ndi cha mgolo: m'mawa uno linkanunkhira thabwa, fodya wouma ndi chokoleti chakuda.

Pamene ndikusiyana ndi mlamu wanu ndi pa nkhani ya madzi. Ayezi ndikuvomereza kuti ayi, chifukwa kuzizira kumatseka fungo. Koma madontho atatu kapena anayi a madzi osazizira amatsegula zinthu zina, ndipo osakaniza wisiki ku Scotland akamayesa migolo amasungunula mpaka pafupifupi 20 peresenti kuti mphuno isatope. Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Linnaeus ku Sweden anaonetsa, pogwiritsa ntchito kompyuta, kuti guaiacol, chimodzi mwa zinthu zimene zimabweretsa fungo la utsi, chimakwera pamwamba pa wisiki mphamvu ikakhala yotsika, ndipo chimamira mphamvu ikakwera. Chenjezo ndi lakuti botolo lanu mwina lili pa 40 kapena 43 peresenti, kutanthauza kuti anathiramo kale madzi ambiri lisanatsekedwe. Mukawonjezera supuni yathunthu lidzasukuluka, ndipo ndaona kuti wisiki wa oak wa ku Ulaya akachulukiridwa madzi kutsekemera kumathawa n'kutsala kuwawa kwa thabwa. Choncho thirani dontho limodzilimodzi, ndipo muzinunkhiza pakati.

Sindikugwirizana kwathunthu ndi a Mbewe pamene akuti thabwa limaposa vinyo. Amene analawapo Lagavulin wa zaka 16, wisiki wa pachilumba cha Islay, pambali pa Lagavulin Distillers Edition, amene amamalizidwa m'migolo ya Pedro Ximénez, akudziwa kuti nthawi yochepa chabe m'mgolo wa vinyo wotsekemerayo imasintha wisiki moonekeratu, mpaka kumveka wonata m'kamwa. Kumeneko si thabwa lokha ayi.

Mlendo Pagalasi analemba:

Zikomo kwambiri bambo Mbewe ndi mayi Nabanda. Ndachita monga mwanenera, ndi kagalasi ka vinyo woyera poti la Glencairn ndilibe. Nditadikira mphindi 15 uchi ndi lalanje ndinazipeza mosavuta, ndipo nditathira madontho atatu ndinamvanso chinthu china ngati apulo wophika, chimene palibe anachitchula. Nditawonjezera madontho ena asanu zonse zinaphwa, monga munachenjezera. Galasi la m'mawa lija landidabwitsa koposa zonse, pakuti ndinalinunkhiza ndisanamwe tiyi ndipo linkamveka ngati kabati yakale imene munasungidwa zipatso.

Tsopano ndamvetsa mbali ya mgolo, koma funso la chilumba lidakalipo. Mcherewo sindinaupezebe. Ndiponso mnzanga wina anandilawitsa Laphroaig chaka chatha, ndipo utsi wake unali ngati mankhwala a kuchipatala, wosiyana kotheratu ndi uwu, chonsecho onse awiri ndi a pazilumba za ku Scotland. Ngati chilumba ndicho chimapereka kakomedwe, n'chifukwa chiyani awiriwa sakufanana?

Jere analemba:

Achimwene, sakufanana chifukwa mawu akuti chilumba amakuuzani kumene fakitale ili, osati mmene wisiki akomere. Malamulo a 2009 amene a Mbewe atchula amazindikira madera asanu okha: Highland, Lowland, Speyside, Campbeltown ndi Islay. Pa zilumba zonse, Islay yokha ndiyo ili ndi dzina lake m'malamulo. Orkney, Skye, Mull, Jura ndi Arran zimawerengedwa pansi pa Highland, ngakhale ogulitsa amakonda kuziika pa shelefu yawoyawo. Ndipo zilumbazi n'zotalikirana kwambiri. Arran ili kumwera chakumadzulo, mu Firth of Clyde, pamene Orkney ili kuseri kwa nsonga ya kumpoto kwa dzikolo, ndipo inali pansi pa mafumu a Norway mpaka m'zaka za m'ma 1400. Ngakhale pa Orkney pomwepo, fakitale ya Scapa, imene inayamba mu 1885 ndipo ili pafupi kwambiri ndi Highland Park, imadziwika ndi wisiki wa chimera chopanda utsi wogona m'migolo ya ku America. Mphepo ndi imodzi, nyanja ndi imodzi, koma zotuluka n'zosiyana.

Utsi umachokera ku peat, dothi lakuda la zomera zimene zinawolerana m'madambo kwa zaka zikwi zambiri, limene amalikumba, kuliyanika n'kuliwotcha pansi pa chimera pochiumitsa. Fungo lake limatengera zomera zimene zinawolazo. Ku Orkney mphepo ndi yamphamvu moti mitengo ndi yosowa, ndipo peat amene Highland Park imakumba ku Hobbister Moor, makilomita ochepa kuchokera pa fakitale, ndi wodzaza ndi mizu ya kachitsamba ka heather. N'chifukwa chake mayi Nabanda anamva udzu wonunkhira osati mankhwala. Kuwonjezera apo, fakitaleyi, imene imawerengera chiyambi chake kuchokera mu 1798, ndi imodzi mwa zochepa zimene zimamezabe chimera pansi n'kumachitembenuza ndi mafosholo, koma chimera chofukizidwacho ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chonse chimene amagwiritsa ntchito. Chotsalacho amagula chopanda utsi. Laphroaig, ya mu 1815 kugombe la kumwera kwa Islay, imagwiritsa ntchito chimera chofukizidwa kwambiri chokhachokha, ndipo wambiri wa wisiki wake amagona m'migolo ya bourbon, wisiki wa ku America, imene siphimba utsi. Ndiye kusiyana kumene munamva ndi kwa mtundu wa peat, kuchuluka kwake, ndi mgolo, zonse pamodzi.

Za mchere ndilankhula mosabisa: ndimaumva mu Talisker wa ku Carbost pa chilumba cha Skye, pamodzi ndi tsabola wake wodziwika uja, koma sindikhulupirira kuti unalowa kudzera m'matabwa a mgolo kuchokera ku mafunde. Mchere suuluka potcheza, umatsalira mumphika. Ndiponso wisiki wambiri wa pazilumba sagona pachilumba n'komwe. Wa ku Caol Ila pa Islay, mwachitsanzo, wochuluka amatengedwa pa matanki kupita kumtunda kwa Scotland kukagona kumeneko, koma anthu amamumvabe nyanja. Chimene timachitcha mchere ndi fungo lina la utsi ndi la mowa wotchezedwawo limene ubongo umaligwirizanitsa ndi gombe, makamaka ngati pa botolo pajambulidwa mafunde. Mukapanda kuumva mu Highland Park wa zaka 12 lilime lanu lilibe mlandu. Ineyo sindinaumvemo.

Ngati mukufunadi kusiyanitsa mgolo ndi utsi, kuwerenga sikungakuthandizeni kuposa kuika magalasi awiri pamodzi. Bunnahabhain wa zaka 12, wochokera kumpoto chakum'mawa kwa Islay kumene fakitale inamangidwa mu 1881, ali ndi sherry womveka bwino ndi utsi wochepa kwambiri, ndipo amaikidwa m'botolo pa 46.3 peresenti, wopanda zodetsera ndiponso wosasefedwa mozizira. Ameneyo adzakuonetsani mtedza ndi mphesa zouma popanda chophimba, ndipo mukathiramo madzi n'kuona kachifunga m'galasi musadandaule, ndi mafuta ake achilengedwe amene sanachotsedwe. Kumbali inayo kuli Kilchoman Loch Gorm, wa fakitale ya pafamu imene inatsegulidwa mu 2005, amene amagona m'migolo ya oloroso kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto ndipo utsi wake ndi wochuluka, pa 46 peresenti. Wanuyo akhala pakati pa awiriwa. Ardbeg Uigeadail, wa 54.2 peresenti, ndimamukonda kuposa onse, koma musayambire pamenepo chifukwa adzakuphani lilime usiku wonse. Muyambe ndi wopanda utsi, mumalize ndi wautsi, ndipo pakati muzimwa madzi.

Mbewe analemba:

Mayi Nabanda, pa nkhani ya Pedro Ximénez ndagonja, koma theka lokha. Vinyo wonata ngati ameneyo amasiyadi shuga m'matabwa, ndipo wisiki amamutola msanga. Zimene ndinanena zinali za oloroso ndi za wisiki amene wagona zaka zonse m'mgolo umodzi. Ndipo mwakumbutsa chinthu chimene ndinaiwala kuwauza achimwenewa, kuti pa botolo aziyang'ana kusiyana kwa mawu akuti matured ndi finished. Oyambawo amatanthauza kuti wisiki wagona m'mgolowo nthawi yake yonse kapena yochuluka, pamene achiwiriwo amatanthauza kuti anasamutsidwiramo kumapeto kokha. Bowmore wa zaka 15 ndi chitsanzo chabwino: amayamba m'migolo ya bourbon, n'kukathera zaka zitatu zomaliza m'migolo ya oloroso. Kwa ine wisiki womalizidwa chotere amamveka ngati zovala ziwiri, chamkati ndi chakunja, ndipo ukasunga m'kamwa umatha kumva pamene chimodzi chathera. Amene wagona m'mgolo wa sherry kuyambira pachiyambi amakhala nsalu imodzi. Sindikunena kuti wina ndi woposa mnzake, ngakhale ndalama zanga zimapita kwa wa nsalu imodziyo. Kumbukiraninso kuti nambala ya zaka pa botolo ndi ya wisiki wamng'ono kwambiri amene ali mmenemo.

Pali chinthu chimodzi chimene mudzakumana nacho mukapitiriza ndi migolo ya sherry, ndipo ndi bwino muchidziwiretu. Zaka zingapo zapitazo ndinagula botolo la mgolo umodzi kuchokera ku fakitale ina ya pachilumba, lakuda ngati khofi, ndipo ndinalisunga miyezi isanu ndi umodzi kudikira tsiku loyenera. Nditatsegula linanunkha machesi ongoyatsa kumene ndi labala wopsa. Ndi sulufule. Kuti migolo isachite nkhungu kapena kusasa pa ulendo wochokera ku Spain, ena ankayatsa makandulo a sulufule mkati mwake, ndipo fungolo likalowa m'thabwa wisiki amalitenga. Chodabwitsa n'chakuti anthu samva mofanana: mnzanga amene ndinamwa naye usiku umenewo sanamve kalikonse ndipo anapempha galasi lachiwiri, pamene ine ndinalephera kumaliza loyamba. Ndinalisiya botololo miyezi itatu lili lotsika pang'ono, ndipo machesi aja anachepa n'kusanduka fungo ngati la nyama yowotcha, limene ena amalifuna dala, koma labala sanachoke.

Poti lanu lafika pakati, dziwani kuti mpweya umene uli m'botolomo ukugwira kale ntchito, ndipo galasi la mwezi wamawa silidzafanana ndi la tsiku loyamba. Liimikeni chilili, osaligoneka ngati vinyo chifukwa mowa wamphamvu umadya chotsekera, ndipo likhale kutali ndi dzuwa. Likatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, tsanulirani m'kabotolo kakang'ono kuti mudzakhale ndi choyerekezera tsiku limene mudzapeze Bunnahabhain amene a Jere atchula.

Nabanda analemba:

Ndiwonjezere kamodzi kokha pa zimene a Jere anena za magalasi awiri. Galasi lachiwirilo siliyenera kukhala la wisiki. Gulani kabotolo ka oloroso wosatsekemera, muthire pang'ono pambali pa Highland Park wanu, ndipo mununkhize mosinthanasinthana. Chimene mudzachipeze m'magalasi onse awiri ndi cha vinyo, ndipo kwa ine chimakhala mtedza ndi khoko la lalanje lija. Vanila ndi zokometsera zoyabwa, zimene mu oloroso zimamveka pang'ono kapena osamveka n'komwe, ndi za thabwa latsopano. Uchi ndi apulo wophika amene munamupeza uja ndimaziika ku mowa wotchezedwawo, ngakhale pa uchi a Mbewe akhoza kunditsutsanso. Oloroso akatsegulidwa musungeni mufiriji, amakhala bwino kwa masabata angapo, ndipo mumutulutse mphindi 30 musanayerekeze kuti magalasi onse awiri akhale ofunda mofanana.